Kutupa kwa Diso Pambuyo pa Opaleshoni ya Ng'ala ndi Mbiri ya Mankhwala Ake

Mbiri ya opaleshoni ya ng'ala kawirikawiri imalembedwa potsata manja ndi zida za ochita opaleshoniwo, kuyambira pa singano za asing'anga akale a ku India kufikira pa makina amakono omwe amaphwanya ng'ala ili m'diso momwemo, koma kwa zaka mazanamazana chomwe chinkagamula ngati munthu aona kapena achita khungu chidali masiku otsatira opaleshoniyo, pamene diso linkafiira, kuwawa, kulengeza misozi ndi kudana ndi kuwala. Ng'ala ndi kuchita mbuu kwa lenzi, kachiwalo koonekera ngati galasi komwe kali kuseri kwa mwana wa diso, ndipo popeza palibe mankhwala akumwa kapena odontheza omwe angayeretse lenzi ikachita mbuu, dokotala amayenera kulowa m'diso ndi chida. Thupi likavulazidwa, mitsempha ya magazi imatanuka n'kutulutsa madzi, mapuloteni ndi maselo oyera a magazi kuti zikakonze pamalo povulalapo, ndipo uku ndiko kutupa. Pa mwendo kapena pa mkono kutupa kumatha ndi chipsera chosadetsa nkhawa, koma m'diso, momwe chilichonse chiyenera kukhala choonekera kuti kuwala kudutse, ntchito yomweyo yokonza ndi imene imatseka njira ya kuwala.

Njira yakale kwambiri yochizira ng'ala idali yolowetsa singano m'mbali mwa diso n'kukankhira lenzi yambuuyo pansi, kuti ichoke kuseri kwa mwana wa diso koma n'kutsalabe m'diso. Buku la zamankhwala la ku India lotchedwa Sushruta Samhita limafotokoza njirayi pamodzi ndi chisamaliro chotsatira, chomwe chidali kutsuka diso ndi mkaka wa m'mawere, kulipaka mafuta a mkaka wa ng'ombe, kulimanga ndi nsalu ndi kumugoneka wodwalayo chagada, osaloledwa kutsokomola kapena kuyetsemula. Ku Roma, Celsus, amene adalemba buku la De Medicina m'zaka za zana loyamba pambuyo pa kubadwa kwa Khristu, adalangiza kuti padiso paikidwe ubweya wa nkhosa woviikidwa m'madzi oyera a dzira, pamwamba pake mankhwala oletsa kutupa, ndipo wodwalayo apume ndi kudya zamadzimadzi zokha poyamba. Celsus yemweyo ndi amene adalemba zizindikiro zinayi za kutupa zomwe ophunzira udokotala amaloweza mpaka lero, zomwe ndi kufiira, kufufuma, kutentha ndi kupweteka. Akalewa ankadziwa bwino lomwe kuti ngozi ili m'masiku otsatira, koma zomwe ankaziona ngati vuto limodzi zidali mavuto angapo osiyana magwero: bala lenileni la singano, tizilombo tolowa ndi singano yosaphikidwa, ndiponso zamkati mwa lenzi zomwe zinkamwazika m'diso kathumba kake kakang'ambika. Mankhwala othandizadi adayamba kupezeka pamene magwerowa adayamba kusiyanitsidwa, ndipo kusiyanitsako kudatenga nthawi yaitali kuposa kukonza zida.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, madokotala awiri a ku France, Michel Brisseau ndi Antoine Maître-Jan, adasonyeza kuti ng'ala ndi lenzi yeniyeniyo itachita mbuu, pomwe ambiri ankakhulupirira kuti ndi madzi oundana kutsogolo kwake. Potsatira chidziwitsochi, Jacques Daviel adayamba mu 1747 kung'amba diso ndi kutulutsa lenziyo kunja, ndipo mu 1752 adauza bungwe la madokotala a opaleshoni ku Paris kuti mwa maopaleshoni 206 omwe adachita, 182 adayenda bwino. Njira ya Daviel inkachotsa lenzi, koma inkasiya bala lalikulu, lozungulira theka kapena kuposerapo la cornea, nembanemba yoonekera ya kutsogolo kwa diso, ndipo balalo silinkasokedwa. N'chifukwa chake wodwala ankagonekedwa m'chipinda chamdima kwa sabata kapena kuposerapo, maso onse awiri ali omanga, ndipo m'zipatala zambiri mwambo wotchinga mutu wake ndi timatumba ta mchenga kuti asatembenuke udapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Madokotala a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti kutupa kumabwera chifukwa cha magazi ochuluka omwe athamangira pamalo amodzi, choncho mankhwala awo onse adali ochotsa magazi ndi madzi m'thupi. Ankacheka mtsempha wa pamkono, ankaika misundu m'mbali mwa diso kuti iyamwe magazi, ankalumika kumbuyo kwa khosi, ankapereka mankhwala otsegula m'mimba ndiponso a mercury mpaka wodwala ayambe kuchucha malovu. Izi zinkafooketsa munthu wokalamba amene adali kale wofooka, ndipo sizinkakhudza tizilombo m'pang'ono pomwe. John Taylor, Mngelezi amene ankayendayenda m'mizinda ya ku Ulaya akukankha ng'ala pamaso pa khamu la anthu, ankadonthezera odwala ake magazi a nkhunda ndi kuwathira shuga wopera kapena mchere wowotcha, ndipo kawirikawiri ankachoka mumzinda nsalu zisanamasulidwe. Mu 1750 iye adachita opaleshoni kawiri woimba nyimbo Johann Sebastian Bach ku Leipzig; Bach adachita khungu, adamwalira mu Julayi chaka chomwecho, ndipo olemba mbiri ya moyo wake atamwalira adadandaula za opaleshoniyo pamodzi ndi mankhwala omwe adapatsidwa.

Kusintha koyamba kwenikweni kudachokera ku Vienna, komwe mu 1801 Johann Adam Schmidt adalemba kabuku ka zovuta zotsatira opaleshoni ya ng'ala n'kusonyeza kuti chiwalo chomwe chimatupa kwambiri ndi iris, kachiwalo kozungulira mwana wa diso komwe kamapatsa diso mtundu wake. Iris ikatupa imachepetsa mwana wa diso, imatulutsa mapuloteni onanda, kenaka imamatirira ku zotsalira za lenzi mpaka mwana wa diso kutsekeka, ndipo munthu amene ng'ala yake idachotsedwa bwinobwino amabwerera mumdima. Pa nthawi yomweyo Karl Himly ndi madokotala ena a ku Germany ankalimbikitsa kugwiritsa ntchito madzi a zomera zakupha monga belladonna, omwe akadonthezedwa m'diso amakulitsa mwana wa diso, ndipo pofika 1833 mankhwala enieni a m'chomeracho, atropine, adali atapatulidwa. Atropine sathetsa kutupa, koma amakokera iris kutali ndi pomwe ingamatirire ndipo amapumitsa minofu ya mkati mwa diso, zomwe zimachepetsa ululu. Awa ndiwo adali mankhwala oyamba odontheza omwe ntchito yawo pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala idali ndi maziko omveka, ndipo kwa zaka zoposa zana limodzi dokotala wa maso adalibe china choposa atropine, nsalu zofunda ndi kudikira.

Zaka za m'ma 1800 zisanathe, vuto la mafinya lidayamba kupatulidwa ku kutupa wamba. Albrecht von Graefe wa ku Berlin adakonza mu 1865 njira yochekera bala lopapatiza ndi mpeni wopyapyala, akudulanso kachidutswa ka iris kuti isatsekereze bala, ndipo maso otayika chifukwa cha mafinya adachepa ndithu. Joseph Lister atalengeza mu 1867 njira yophera tizilombo pochita opaleshoni, madokotala a maso adapeza kuti asidi wa carbolic yemwe iye ankagwiritsa ntchito amawotcha diso, choncho adatembenukira ku mankhwala ofatsa ndiponso kuphika zida m'madzi owira. Mu 1884 Karl Koller wa ku Vienna adasonyeza kuti madontho a cocaine amachititsa diso dzanzi, ndipo dokotala amene wodwala wake sakuphupha ndi ululu amavulaza diso pang'ono. Komabe ngakhale m'zipatala zaukhondo, maso ena ankatupabe kwa miyezi popanda kachilombo kalikonse. Paul Uhlenhuth adapeza mu 1903 kuti mapuloteni a lenzi ndi achilendo ku chitetezo cha m'thupi, popeza amakhala otsekeredwa m'kathumba kawo munthu asanabadwe, ndipo mu 1922 Frederick Verhoeff ndi Albert Lemoine ku Boston adafotokoza kutupa koopsa komwe kumadza thupi likamalimbana ndi zotsalira za lenzi yake yomwe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe njira yotulutsa lenzi yonse ili m'kathumba kake, yomwe Henry Smith adaitchukitsa ku Punjab m'dziko la India, idafalikira kwa zaka zambiri ngakhale kuti idali ndi ngozi zake.

Posowa mankhwala oletsa kutupa kotereku, madokotala a theka loyamba la zaka za m'ma 1900 ankachita chinthu chomwe lero chimamveka chachilendo: ankabaya wodwala jakisoni wa mkaka wowiritsa kapena katemera wa tayifodi n'cholinga choti thupi litenthe kwambiri, ndipo nthawi zina diso linkakhaladi bwino pambuyo pa kunjenjemera kwa usiku wonse. Pambuyo pake akatswiri ena adafotokoza kuti kutentha thupiko kunkakakamiza tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso kutulutsa mahomoni ake, kutanthauza kuti madokotalawo ankapereka mosadziwa ndiponso mozungulira mankhwala omwe adali asanapezeke. Mahomoniwo adapatulidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi Edward Kendall ku Mayo Clinic ku America ndiponso Tadeus Reichstein ku Switzerland, ndipo mu Seputembala 1948 Philip Hench adapereka imodzi mwa mahomoniwa, cortisone, kwa mayi wodwala nyamakazi yotupitsa mfundo, amene patapita masiku ochepa adadzuka n'kuyenda. Atatuwa adalandira mphoto ya Nobel mu 1950, ndipo chaka chomwecho Dan Gordon ndi John McLean ku New York, komanso Alan Woods ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, adalengeza zomwe mahomoni amtunduwu adachita pa maso otupa. Posakhalitsa zidadziwika kuti kutupa kwa kutsogolo kwa diso sikufuna jakisoni wa thupi lonse, popeza madontho amalowa kudzera m'cornea n'kukafika pa iris, ndipo izi zidali zofunika kwambiri pa nthawi yomwe cortisone adali wosowa ndiponso wodula. Prednisolone adabwera mu 1955 ndipo dexamethasone mu 1958, ndipo mankhwala awiriwa, omwe ali m'gulu lotchedwa masteroidi, ndi amene akadali maziko a chisamaliro cha diso lochitidwa opaleshoni.

Chisangalalo cha zaka zoyambazo chidachititsa kuti masteroidi azidonthezedwa m'diso lililonse lofiira, ndipo mtengo wake udaonekera msanga. Popeza amagonetsa chitetezo cha m'thupi, amabisa zizindikiro za matenda pomwe mavairasi ndi mafangasi akudya cornea, ndiponso amachedwetsa kupola kwa bala. Choopsa china n'chakuti amatsekereza njira yotulukira madzi a m'diso, madziwo n'kudzadza mpaka kupanikiza mtsempha wotumiza zoona ku ubongo, omwe ndi matenda a glaucoma. Pakati pa 1963 ndi 1965, Mansour Armaly ku Iowa ndi Bernard Becker ku St. Louis adadonthezera anthu a maso abwinobwino masteroidi kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu kupanikizika kwa madziwo kunkakwera, pomwe pafupifupi asanu mwa 100 aliwonse kunkakwera moopsa, zonsezi popanda ululu wochenjeza. Mu 1960 kudadziwikanso kuti odwala nyamakazi omwe ankamwa masteroidi kwa nthawi yaitali ankachita ng'ala yamtundu wake. Kuchokera m'maphunziro owawa amenewa mudatuluka mwambo womwe ulipo lero, wakuti madontho ayambe kangapo patsiku, kawirikawiri kanayi, achepetsedwe pang'onopang'ono kwa pafupifupi mwezi umodzi chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumadzutsanso kutupa, ndipo wodwala abwerere kuchipatala kuti madzi a m'diso akayezedwe.

N'zochititsa chidwi kuti cortisone adafika pa nthawi yomwe opaleshoni ya ng'ala inkayamba kusiya chinthu chachilendo m'diso. Pa 29 Novembala 1949, pa chipatala cha St Thomas' ku London, Harold Ridley adachita opaleshoni yoyamba yoika lenzi yapulasitiki m'malo mwa yachibadwa, ataona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege zankhondo tinkakhala m'maso mwa oyendetsa ndege ovulala popanda kudzutsa kutupa kwakukulu. Pulasitikiyo idalibe vuto, koma malenzi oyamba adali olemera, mankhwala ophera tizilombo omwe ankawaviikamo ankatsalira n'kumapsereza diso, ndipo malenzi ena a zaka za m'ma 1970 adali ndi m'mbali mokhakhala momwe munkakanda iris mpaka kutulutsa magazi. Madokotala akuluakulu ambiri adakana njirayi kwa zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo chifukwa chawo chachikulu chidali kutupa. N'zokayikitsa kuti lenzi yoikirira ikadapirira kutsutsidwa konseko pakadapanda madontho omwe ankaziziritsa diso m'masabata oyamba, ngakhale kuti mabuku ambiri a mbiriyi amatchula Ridley ndi omutsatira okha.

Gwero lina la kutupa lidabisika kumbuyo kwa diso. Mu 1953 Rodman Irvine adafotokoza za odwala omwe ankaona bwino opaleshoni itangotha kenaka n'kuyamba kuona mwachimbuuzi patapita masabata angapo, ndipo mu 1966 Donald Gass ndi Edward Norton ku Miami, pojambula mitsempha ya m'diso atabaya wodwala utoto wowala, adasonyeza kuti madzi amadontha n'kusonkhana m'timatumba pakati penipeni pa retina, nembanemba ya kumbuyo kwa diso yomwe imalandira kuwala, pamalo pomwe munthu amawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Chomwe chinkalumikiza bala la kutsogolo ndi madzi a kumbuyo chidapezeka pang'onopang'ono. Nachman Ambache ku London adapeza kuti iris ya kalulu ikakhudzidwa imatulutsa mankhwala ake, omwe pambuyo pake adadziwika kuti ndi a gulu la prostaglandin, amithenga omwe thupi limapanga pamalo ovulala kuti atanule mitsempha, ndipo mu 1971 John Vane adasonyeza kuti asipirini ndi mankhwala ofanana naye amagwira ntchito poletsa kupangidwa kwa amithengawa. Kensaku Miyake wa ku Nagoya m'dziko la Japan adalumikiza mfundozi, ndipo mu 1977 adalengeza kuti madontho a indomethacin amachepetsa kusonkhana kwa madzi pa retina pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala. Umu ndi momwe gulu lachiwiri la madontho, la mankhwala oletsa kutupa omwe si masteroidi, lidayambira. Ku America flurbiprofen adavomerezedwa mu 1986, diclofenac mu 1991, ndipo bromfenac ndi nepafenac mu 2005. Mankhwalawa sakweza madzi a m'diso, koma nawo ali ndi ngozi yawo, monga zidaonekera mu 1999 pamene mtundu wina wa madontho a diclofenac udachotsedwa pamsika cornea ya odwala ena itasungunuka. Funso lakuti gulu liti liposa linzake lidakanganitsa akatswiri kwa nthawi yaitali, mpaka kafukufuku wa ku Ulaya wotchedwa PREMED, wa odwala 914 opanda matenda a shuga, adapeza mu 2018 kuti kutupa kwa retina kosokoneza kuona kudagwira odwala 5.1 mwa 100 aliwonse omwe adalandira dexamethasone yekha, 3.6 mwa olandira bromfenac yekha, ndi 1.5 mwa olandira onse awiri.

Pamene mankhwala ankachuluka, bala linkachepa. Charles Kelman wa ku New York adayambitsa mu 1967 makina ophwanya ng'ala ndi kunjenjemera kwa kansonga kachitsulo n'kuiyamwa, ndipo malenzi opindika atabwera m'zaka za m'ma 1980, opaleshoni yonse idatheka kudzera pa bala la mamilimita atatu kapena kucheperapo, losafuna ulusi. Wodwala amene kale ankagona m'wodi masiku khumi anamwino akumudonthezera mankhwala adayamba kubwerera kwawo tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo gawo lomwe kwa zaka mazanamazana lidali loopsa kwambiri lidachoka m'manja mwa chipatala n'kupita m'manja mwa nkhalamba yomwe mwina ikunjenjemera ndipo diso lake linalo lili ndi ng'ala. Kudontheza si kophweka monga momwe kumaonekera. Dontho limodzi ndi lalikulu kuposa madzi omwe chikope chingasunge, ndipo omwe amalowadi m'diso safika ngakhale magawo asanu mwa 100; kudontheza mabotolo awiri motsatizana, osadikira mphindi zisanu, kumatsuka mankhwala oyamba; prednisolone acetate amadikha pansi pa kabotolo, ndipo wosagwedeza amadontheza madzi okhaokha masiku oyamba. Kafukufuku wina wa ku Canada wa mu 2014 adapeza kuti mwa odwala omwe adali asanagwiritsepo ntchito madontho, oposa asanu ndi anayi mwa khumi ankalakwitsa, ena pophonya diso, ena pogunditsa nsonga ya kabotolo ku nsidze kapena posasamba m'manja.

M'maiko osauka vutoli lidakula pamene opaleshoni idafalikira. Chipatala cha Aravind, chomwe Govindappa Venkataswamy adatsegula ku Madurai mu 1976, chidakhazikitsa mu 1992 fakitale ya Aurolab yopanga malenzi otsika mtengo, ndipo mafakitale a bungwe la Fred Hollows ku Asmara ndi ku Kathmandu adatsatira mu 1994, motero lenzi yoikirira idafika kwa anthu a kumidzi ya ku Asia ndi ku Africa. Ku Malawi, komwe ng'ala ndi imene imachititsa khungu anthu okalamba ambiri, ntchitoyi idakula potsatira maphunziro a othandiza madokotala a maso omwe Moses Chirambo adatsogolera ku Lilongwe kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo opaleshoni imachitika m'zipatala zazikulu, ku Nkhoma ndiponso pa maulendo omwe madokotala amapanga kupita m'maboma. Wodwala wochokera kutali sangabwerere kangapo kudzayezedwa, choncho madokotala a m'madera otere adazolowera kubaya steroidi ndi antibayotiki pansi pa nembanemba yoyera ya diso opaleshoni ikangotha, kupereka kabotolo kamodzi kophatikiza mankhwala onse awiri m'malo mwa timabotolo titatu, ndi kuphunzitsa womudikirira wodwalayo kadonthezedwe asanatuluke m'wodi. Kumadzulo kwa Africa njira ya singano ikadalipo, ndipo kafukufuku wa dziko lonse la Nigeria wa pakati pa 2005 ndi 2007 adapeza kuti mwa maso omwe adachitidwapo kanthu chifukwa cha ng'ala, oposa anayi mwa khumi adali okankhidwa ndi singano, ndipo ambiri mwa amenewo adali osaona.

M'zaka zaposachedwa madokotala ayamba kubweza udindowo m'manja mwawo poika mankhwala m'diso opaleshoni isanathe. Kafukufuku wa ku Ulaya wa odwala oposa 16,000, yemwe zotsatira zake zonse zidatuluka mu 2007, adasonyeza kuti kuthira antibayotiki wa cefuroxime mkati mwa diso kumachepetsa matenda a mafinya pafupifupi kasanu, ndipo mu 2018 ku America kudavomerezedwa dexamethasone woikidwa kuseri kwa iris kuti azisungunuka pang'onopang'ono, komanso kachidutswa kamankhwala kolowetsedwa m'kanjira ka misozi. Njira ziwiri zomalizazi n'zodula, ndipo yotsika mtengo, yobaya steroidi ya triamcinolone pansi pa nembanemba yoyera, ili ndi vuto lakuti madzi a m'diso akakwera dokotala sangangouza wodwala kuti asiye kudontheza, koma nthawi zina amayenera kucheka n'kuchotsa mankhwala otsalawo. Mu 2017 odwala oposa 40 ku Dallas adawonongeka maso atabayidwa mkati mwa diso steroidi ndi antibayotiki zosakanizidwa molakwika, ndipo m'zipatala zambiri za padziko lonse wodwala amatulukabe ndi kabotolo ka prednisolone kapena dexamethasone pamodzi ndi tsiku lobwerera kudzayezedwa.